MASAMU A KU YUNIVESITI AYAMBIRA M'KALASI MWATHU

Mau amene mmodzi wa aphunzitsi a masamu analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi a ku Petauke ndi Nyimba, umene unacitikira ku Nyimba



Ndiyamba ndi kuthokoza akomiti pondipatsa mpata uno wakuima pamaso panu, ngakhale ndiona m'cipinda muno imvi zimene zinagwira coko ine ndisanadziwe kugwira pensulo. Anandipempha kuti ndinene za maphunziro awiri amene ana athu akomana nao akalowa pa sukulu ya ukacenjede, ndiwo calculus ndi linear algebra. Ndidziwa kuti ena a inu, pomva maina amenewa, mwayamba kale kunena mumtima kuti, "Ine ndiphunzitsa Giredi 5 kumudzi, za ku Lusaka zindikhudza bwanji?" Ndikupemphani mundilezere mtima pang'ono, pakuti mau anga lero ali kwa inu makamaka, koposa kwa ife a ku sekondale.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu a dziko lino amene anali atatsiriza maphunziro a ku yunivesiti anali pafupi 100 okha. University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312, ndipo m'caka ca 1969 mwana wa kuno kum'mawa, a Lameck Goma a ku Lundazi, anakhala Mzambia woyamba kuitsogolera. Pambuyo pace panabwera Copperbelt University mu 1987, Mulungushi mu 2008, ndi ena ambiri. Lero si cozizwitsa kumva kuti mwana wa kwa Kalindawalo kapena kwa Ndake waitanidwa kukaphunzira za udokotala kapena za uinjiniya. Koma tonse tidziwa mtengo wace wa kalata imeneyo. Atate agulitsa ng'ombe, amai atulutsa nshawa zimene anasungira mbeu, amalume aonjezapo ca m'thumba, ndipo mwanayo akwera basi, natsika mapiri a Kacholola, naoloka Luangwa, atasenza ciyembekezo ca mudzi wonse.

Nanga akomana naco ciani kumeneko? Kwa zaka zambiri, ofuna udokotala, uinjiniya, za migodi ndi za ulimi pa University of Zambia anayamba onse pamodzi m'cigawo ca sayansi, ndipo mamalikisi a caka coyamba ndiwo anaweruza kumene ali yense adzapita. Kuli konse kumene mwana apita kukaphunzira zinthu zotere, masamu aima pakhomo ngati mlonda. Ena apitirira. Ena abwerera kuno mwakacetecete, ndipo pamudzi anthu angoti, "Sukulu inamkana."

Ine ndinapita ku maphunziro amenewa ndiri wamkulu kale, nditaphunzitsa zaka zingapo, ndipo ndinadziyesa wodziwa masamu. Mayeso oyamba a calculus ndinalephera. Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi pepala langa, ndi kulondola colakwa ciri conse kufikira pa gwero pace, monga mlenje alondola mapazi a nyama. Ndinapeza zolakwa zisanu ndi ziwiri. Ziwiri zokha zinali za phunziro latsopanolo. Zisanu zinali za mafulakishoni, za madesimo ndi za cizindikiro cocotsera, zinthu zimene ine mwini ndinali nditakwapulira ana. Kuyambira tsiku lija ndaona mapepala ambiri a ana athu akale pamene abwera ku holide, ndipo nthenda yace ndi yomweyo. Cifukwa cace ndifuna kukuonetsani kuti maphunziro awiriwa ali ciani, kuti muone nokha pamene mizu yace yafika.

Tiyambe ndi calculus. Dzinali ndi la Cilatini, ndipo litanthauza kamwala, pakuti akale anawerenga ndi timiyala monga ana athu a Giredi 1. Funso lace loyamba ndi ili: cinthu cikamasintha, cisintha msanga motani pa kamphindi kano? Kucokera pano pa Nyimba kufika ku Petauke ndi makilomita ngati 70. Lole yodzala ndi thonje ikayenda maola awiri, mwana ali yense wa Giredi 7 adzagawa 70 ndi 2, nadzati liwiro lace ndi makilomita 35 pa ola. Wakhoza. Koma loleyo inaima pa msika, inakwawa pa citunda, inathamanga potsetsereka. Pamene inapitirira mbuzi ija pa mseu, liwiro lace linali lotani? Pa kamphindi kamodzi loleyo siyenda mtunda uli wonse, ndipo nthawi siipita. Kodi tidzagawa 0 ndi 0? Apa ndi pamene masamu a ku pulaimale athera mau.

Taonani m'mene calculus iyankhira. Nditenge mwala m'malo mwa lole, cifukwa mwala sucita zofuna zace. Galileo wa ku Italy anapeza kuti mtunda umene mwala wakugwa utsika ukula monga nthawi yoculukitsidwa ndi nthawi yomweyo. M'miyeso yathu, muculukitse masekondi ndi masekondi omwewo, muculukitsenso ndi 5, ndipo mupeza mamita, kapena pafupi ndithu. Patapita sekondi imodzi mwala watsika mamita 5. Patapita masekondi awiri watsika mamita 20. Tifuna liwiro lace pa kutha kwa sekondi yoyamba. Pakati pa sekondi 1 ndi 2 watsika mamita 15, ndiye kuti liwiro 15. Koma nthawi imeneyo yatalika, tiicepetse. Pa sekondi 1.1 mwala uli pa mamita 6.05, watsika 1.05 m'nthawi ya 0.1, ndipo pogawa tipeza 10.5. Ticepetsenso. Pa sekondi 1.01 uli pa mamita 5.1005, watsika 0.1005 m'nthawi ya 0.01, ndipo pogawa tipeza 10.05. Mukacepetsanso mupeza 10.005. Kodi muona kumene manambalawa alinga? Ayandikira 10, ndipo mungathe kuwayandikiza monga mufuna, mukangocepetsa nthawi mokwanira. Nambala imeneyo ichedwa limit, ndipo tinena kuti liwiro la mwala pa kamphindi kameneko ndi mamita 10 pa sekondi.

Abale anga, mtima wace wa phunziroli ndi umenewu. Zina zonse za m'miyezi yoyamba ndi njira zacidule zopezera nambala yotere popanda kutuluka thukuta. Koma yang'anani nchito imene tacita: taculukitsa 1.01 ndi 1.01, tacotsera, tagawa 0.1005 ndi 0.01. Kodi ndani aphunzitsa zimenezo? Si a profesa iai. Mwana amene sadziwa cifukwa cace nambala ikula poigawa ndi 0.01, amene anangouzidwa kuti "sunthani kadontho kawiri", adzaona manambala pa bolodi koma sadzaona kumene alinga.

Funso laciwiri la calculus ndi la kusonkhanitsa. Amai ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje. Mbali zitatu nzoongoka, koma yacinai itsata kukhota kwa madzi. Kukula kwace tidzakupeza bwanji, popeza lamulo lathu la m'litali ndi m'lifupi lifuna mbali zoongoka? Mwini dimba adziwa kale njira yace: awerenga mizere. Mzere uli wonse ndi kacigawo kakang'ono koongoka. Muyese uli wonse, muphatikize. Mizere ikakhala yopapatiza, colakwa ca kumapeto kokhotako cicepa. Ndipo tabwereranso ku limit. Archimedes wa ku Syracuse anacita cimodzimodzi zaka zoposa 2,200 zapitazo. Pofuna kuyesa cozungulira, anajambula m'kati mwace ndi kunja kwace zinthu za mbali zoongoka 96, napeza kuti nambala imene tiicha pi iri pakati pa 223/71 ndi 22/7. Mundilole ndipatuke pang'ono pano: 22/7 si pi. Ndi mpanda wa kumtunda umene Archimedes anaika. Ambiri a ife tiphunzitsa ngati kuti ziwirizi nzofanana ndendende, ndipo potero tibisira ana cinthu cokoma kwambiri ca m'masamu, cakuti pali manambala amene tingawayandikire koma sitingawalembe onse.

Cimene Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz anaona, yense payekha, ndi cakuti mafunso awiriwa ali ngati kupita ndi kubwerera pa njira imodzi. Ikani mgolo pansi pa denga la malata mvula ikugwa. Mukadziwa m'mene madzi alowera pa kamphindi kali konse, mungapeze madzi onse amene asonkhana. Mukadziwa madzi amene ali m'mgolo pa nthawi iri yonse, mungapeze m'mene mvula inakulira. Newton anazindikira izi m'zaka za 1665 ndi 1666, pamene Cambridge inatsekedwa cifukwa ca mliri, iye ali kwao ku Woolsthorpe. Leibniz anasindikiza zace m'caka ca 1684. Koma ngakhale akulu amenewa sanathe kufotokoza bwino maziko ace. M'caka ca 1734 George Berkeley analemba kabuku kowatsutsa, pofunsa kuti tizigawo tao tating'onoto tiri kanthu kapena si kanthu, ndipo yankho lokhazikika linayamba kuoneka ndi Cauchy wa ku France mu 1821. Ngati anzeru a ku Ulaya anavutika naco zaka 150, tisadabwe kuti mtsikana wa ku Minga asokonezeka m'masabata atatu. Cimene asowa ndi miyendo yolimba kuti aime kufikira maso atazolowera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo pali kanthu kena ka Newton kamene kayenera kukondweretsa ife a nchito ino. Amai wace anamcotsa pa sukulu ya ku Grantham kuti adzayang'anire munda ndi ziweto. Anali mphunzitsi wace, Henry Stokes, amene anawadandaulira kuti mnyamatayo abwerere. Inu amene mwayendapo njinga kukalankhula ndi makolo a mwana woweta ng'ombe mudziwa ulendo umenewo.

Tsopano linear algebra. Iyi ndi yapafupi kuionetsa, pakuti iri pa mseu panja pano, pamene amai agulitsa nthoci kwa a m'mabasi. Mitengo ndaipeka ndekha. Munthu wina agula mapava 3 a nthoci ndi mbale 2 za nshawa, nalipira K65. Wina agula phava limodzi ndi mbale 4, nalipira K55. Phava ndi zingati, mbale ndi zingati? Mukawirikiza za woyamba, mupeza mapava 6 ndi mbale 4 pa K130. Mukacotsapo za waciwiri, mbale zonse zicoka, natsala mapava 5 pa K75. Phava ndi K15, mbale ndi K10. Njira imeneyi, yowirikiza mzere umodzi ndi kuucotsa pa unzace kufikira cosadziwika cimodzi citatsala cokha, Macaina anailemba m'buku la masamu zaka ngati 2,000 zapitazo, poika timitengo towerengera m'mizere kuti apeze zokolola za mitolo ya dzinthu. Carl Friedrich Gauss anaigwiritsa nchito m'caka ca 1810 pofufuza njira ya kadziko kochedwa Pallas, ndipo lero ichedwa ndi dzina lace.

Mudzati, "Zimenezo tiphunzitsa kale ku sekondale." Inde. Koma ife tisankhira ana mafunso amene ali ndi yankho limodzi nthawi zonse, ndipo ku yunivesiti afunsa za mafunso amene ife tiwabisa. Tinene kuti wogula waciwiri sanabwere, koma m'malo mwace pabwera wina amene anagula mapava 6 ndi mbale 4 pa K130. Kodi watiuza ciani? Palibe. Wangobwereza mau a woyamba kawiri. Pa bwalo la mfumu, mboni imene ingonena zimene inamva kwa mboni inzace siiyesedwa mboni yaciwiri. Pamenepo phava lingakhale K15 ndi mbale K10, lingakhalenso K5 ndi mbale K25, mayankho ngosawerengeka. Ndipo akanati analipira K140, tikanadziwa kuti wina wanama kapena wabedwa, pakuti palibe mitengo imene ingagwirizane ndi onse awiri. Yankho limodzi, mayankho osatha, kapena popanda yankho: mbali yaikulu ya linear algebra ndiyo kudziwa kusiyanitsa zitatuzi pamene zosadziwika siziri ziwiri koma makumi kapena mazana, ndi kuwerenga kuti mwa mboni zonsezo zoima pazokha ndi zingati. Mlatho wa pa Luangwa, umene unatha kumangidwa mu 1968, upacikika pa zingwe zacitsulo. Mphamvu ya m'cingwe ciri conse idalira zinzace, ndipo amisiri sakanaipeza popanda masamu a mtundu umenewu. Ana athu aoloka pa phunzirolo asanalione m'buku.

Manambala a wogula ali yense akaikidwa m'mizere m'kabokosi, kabokosiko kachedwa matrix, dzina limene Sylvester anapereka mu 1850. Ndipo Cayley, mu 1858, analemba malamulo a kuculukitsa mabokosi amenewa. Apa ana ambiri apunthwa, cifukwa poculukitsa mabokosi awiri, yankho lisintha mukasintha loyamba ndi laciwiri. Mungaone cifukwa cace ndi buku limene muli nalo m'manja. Liikeni pa tebulo mutu wace utaloza kutsogolo. Lizungulizeni kuti mutu uloze kumanja, pamenepo mulitembenuze monga mutembenuza tsamba: mutu waloza kumanzere. Libwezereni monga linaliri. Tsopano yambani kulitembenuza, ndipo pambuyo pace mulizungulize monga poyamba: mutu waloza kumanja. Nchito nzomwezo, koma mathero asiyana. Mwana amene anaimba cabe kuti 3 kuculukitsa ndi 4 ndi cimodzimodzi 4 kuculukitsa ndi 3 ayesa kuti ndi lamulo la kumwamba, logwira pali ponse. Koma amene anaonetsedwa mizere itatu ya mapando anai, nauzidwa kuti akaime mbali yina awerengenso, adziwa cifukwa cace ciri cotero, ndipo sadabwa pofika kumene cifukwaco palibe.

Ndifika tsono pa zimene ndaona m'makope a ana athu, ndipo ndidzinena ndekha pamodzi ndi inu. Coyamba ndi cizindikiro ca kufanana, timizere tiwiri tija, timene Robert Recorde anayamba kulemba mu 1557. Mwana alemba 7 + 5 = 12 + 3 = 15, ndipo ticonga cifukwa 15 ndi yankho limene tinafuna. Koma walemba bodza, pakuti 7 + 5 si 15. Tamphunzitsa kuti cizindikiroco citanthauza "yankho nali", pamene citanthauza kuti mbali ziwiri zilemera cimodzimodzi, monga pa sikelo ya ogula thonje. Mu linear algebra mzere uli wonse ndi sikelo, ndipo wosazindikira ici adzacotsa mbali imodzi ndi kuiwala inzace kufikira tsiku la mayeso.

Cina ndi mafulakishoni. Ndaona wophunzira wa caka coyamba akulemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5. Akanaima ndi kuganiza, akanaona kuti theka la mkate litaonjezedwa silingacepe kuposa theka. Koma sanaphunzire kufunsa ngati yankho liri ndi nzeru. Anaphunzira kukumbukira, ndipo cikumbumtima cinamthawa. Cimodzimodzi ndi uja alemba kuti 3 + 2, poiculukitsa ndi iyo yokha, ipatsa 9 + 4. Mtulutseni panja, mujambule pa mcenga munda wa mapazi 5 mbali zonse, muudule pa 3 ndi pa 2. Adzaona 9 pa ngodya yina, 4 pa ngodya yina, ndi zigawo ziwiri za 6 zimene anazitaya. Sadzaiwalanso.

Sindinena izi monga wosadziwa mabvuto anu. Kuyambira 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi adzala, ndipo ana ena akhala pansi. Ndidziwanso kuti mwana wa kuno alankhula Cinsenga kunyumba, akomana ndi Cinyanja m'buku, nalemba mayeso m'Cingerezi. Ndipo kuimbitsa kalasi lonse lamulo limodzi ndi njira yokha imene ioneka yotheka pamene dzuwa latentha ndipo silabasi ikuthamangitsani. Ine ndacita cotero kambiri. Komabe ndaona kuti mwana amene anafotokozapo cinthu m'cinenero ca amai wace acigwira kolimba koposa amene anangociloweza m'Cingerezi. Musaope kumlola anene m'Cinsenga cifukwa cace anagawa m'malo moculukitsa. Mucenjere kokha ndi kumasulira kofulumira. Ine ndinayamba kuuza ana kuti limit ndi malire, ndipo ndinawasokeretsa, pakuti malire a munda ndi pamene khasu liima, koma limit ndi kumene manambala alinga, kaya afikako kaya safikako. Tsopano ndiwaonetsa mwala uja poyamba, ndipo dzina libwera pambuyo.

Kwa anzanga a ku sekondale ndiri ndi dandaulo limodzi. Tiphunzitsa kalamulo kakuti "tsitsa nambala ya pamwamba, ucotsepo imodzi", ndipo ana akhoza nako mayeso, napita ku Lusaka akuyesa kuti adziwa calculus. Amenewa agwa koposa amene sanaimvepo, cifukwa saona cosowa cao kufikira mwezi wacitatu. Ola limodzi la manambala a mwala uja, lamuloli lisanachulidwe, likanawapulumutsa. Ndipo poika mafunso a zosadziwika ziwiri, ikaniponso limodzi la mboni yobwereza ndi limodzi la mboni yonama, osawacenjeza, muone amene adzakweza dzanja.

Pempho langa kwa a Giredi 6 ndi 7 ndi laling'ono. M'temu ino, tsiku limodzi, lembani pa bolodi lamulo la mwala, mupatse ana masekondi 2, 1.1 ndi 1.01, awerenge okha ndi pensulo, opanda makina. Musawauze dzina la phunzirolo. Akatha, muwafunse kumene manambalawo alinga, ndipo mulembe mayankho ao monga anenera, m'cinenero ciri conse. Mubwere nao mapepalawo pa msonkhano wathu wa ku Petauke, ndipo ine ndidzabwera ndi pepala langa lija la zolakwa zisanu ndi ziwiri, pakuti ndikali kulisunga, kuti tikawaike pa tebulo limodzi.